Chitofu cha a Sugden Chakana Kufuka

M'tauni yathu ino ya m'chigwa, kuno ku Yorkshire, a khonsolo analetsa kalekale kuti nyumba zizifuka utsi, koma munthu womaliza kugonja anali mdala Wilfred Sugden, ndipo anagonja chifukwa mwana wawo Lorraine anatopa ndi machenjezo n'kuwagulira chitofu cha nkhuni chamakono, chija chololedwa m'dera loletsa utsi. Chitofucho chinaikidwa Lolemba, koma pofika Lachinayi m'mawa, mvula ikuwaza, Gaynor Pickles yemwe anachiika anali ataimanso m'chipinda chakuseri cha mdalayo ndi bokosi lake la zipangizo, poti anamuimbira foni kuti chitofu chafa.

"Ndi icho," anatero a Sugden, akuloza ndi chibwano. "Chinyamule."

Gaynor anawerama n'kusuzumira pagalasi. M'katimo moto unali lawilawi.

"Bambo Sugden, chikuyakatu ichi."

"Ndani wakana?"

"Pafoni munati chafa."

"Chafa kumene."

"Koma chikuyaka."

"Iwe, maso ndili nawo. Kuyakako ndikukuona. Ine ndati chafa."

Gaynor anaika bokosi pansi. Mayiyu ndi mwana wa malemu Pickles, aja ankasesa mwaye m'machumuni a tauni yonse, ndipo kwa bambo akewo anatengera zinthu ziwiri: makwerero, ndi mutu womva mawu monga momwe atulukira pakamwa. Ukamuuza kuti wafa ndi njala, amakufunsa kuti mwambo wa maliro uli kutchalitchi chiti. Mwano alibe, nthabwala alibenso, koma timamukonda chifukwa denga limene wakwerapo iye silidontha.

"Chabwino," anatero. "Chikukutenthetsani?"

"Mpaka ndavula juzi. Ine kuvula juzi mu Novembala! Malemu mkazi wanga akanaona bwenzi ataitana dokotala."

"Chikudya nkhuni zambiri?"

"Chimangonyambita, ngati mlendo wamanyazi."

"Galasi likuda?"

"Ndikumetera pomwepo ndevu."

"Utsi ukulowa m'nyumba?"

"Eyaa! Wafika tsopano. Utsi."

"Ukulowa?"

"Sukulowa."

"Zili bwino."

"Sukutulukanso."

"Zili bwino kwambiri."

A Sugden anatsinzina kwa kanthawi, akupemphera kuti Mulungu awagwire mkono.

"Tamvera, mwana wa Pickles. Ndatuluka kuseri uku ndi nsapato za m'nyumba, mvula ikundigwa pamutu, kuyang'ana padenga. Zii! Chumuni changa chili ngati cha nyumba yogulitsa."

"Ndi mmene chiyenera kukhalira. Chitofuchi chimawotcha utsi kachiwiri. Mpweya umalowera kumtunda uku, utsi ukamati ukwere, umapsa."

"Kuwotcha utsi?"

"Ee."

"Utsiwo unakulakwirani chiyani?"

"Umalowa m'mapapo a anthu."

"Ine ndaupuma chibadwire changa, ndipo taona ndaima pano, wamphamvu ngati..."

Chifuwa chinawadula pakamwa. Anatsokomola atagwira mpando, anatsokomola atagwira tebulo, mpaka misozi. Gaynor anadikira mwaulemu kuti amalize.

"Wamphamvu ngati chiyani?" anafunsa.

"Fumbi limenelo," anatero a Sugden. "Bwera kuno. Taona kachitseko ka mpweya aka. Ndikamakakankha, sikafika kumapeto."

"Sikayenera kufika. Kali ndi kabawuti kotchinga."

"Anaika ndani?"

"Kufakitale. Popanda kameneko chitofuchi sichiloledwa m'dera lino."

"Kachotse."

"Ndikakachotsa muzitseka mpweya wonse, moto uzinyeka pang'onopang'ono, chiyamba kufuka."

"Ehee! Tsopano tikumvana."

"Ndiye sindikachotsa."

"Tasiyanso kumvana."

Gaynor anatulutsa kachipangizo kake kobaya nkhuni poyeza chinyontho, n'kupita pa ndowa yomwe inali pafupi ndi chitseko. Anabaya chikuni chimodzi, n'kuyang'ana manambala. Anachigwedeza. Madzi anadontha.

"Izi zanyowa, bambo."

"Ndikudziwa. Ndaziviika ndine, m'bafa."

"Mwaziviika."

"Kuyambira Lachiwiri."

"Nkhuni saviika."

"Ine ndaviika."

"Munaikamo?"

"Chimodzi, dzulo."

"Chinachitika n'chiyani?"

"Chinalira ngati njoka, chinachita thovu, moto n'kuzima. Ndinagona ndi chipewa kumutu."

"Mwaonatu."

"Ndinaganizanso zoikamo nsapato yakale."

"Nsapato si nkhuni."

"Zikomo pondidziwitsa."

"Palibe kanthu."

Mdalayo anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akumuseka. Nkhope ya Gaynor inali yosalala ngati mbale.

"Bambo Sugden, ndifunse. Utsiwo mukuufuniranji?"

"Sindikuufuna ine."

"Ndiye palibe vuto." Anawerama kuti anyamule bokosi.

"Tsitsa bokosilo! Ndati sindikuufuna ine."

"Ndamva."

"Ine. Ineyo. Wamva pamene ndatsindika?"

"Ndiye akuufuna ndani?"

A Sugden anapita pawindo, manja kumbuyo, n'kuyamba kuyang'ana kunja ngati akuyeza mvula.

Kuchokera pawindo limenelo suona msewu, suona munthu. Umaona madenga okhaokha kutsetsereka mpaka kungalande, ndipo kutsidya kwake, pachitunda, mzere wa nyumba zolumikizana, machumuni ali ndondondo. M'nyumba ina mumzere umenewo mumakhala a Norman Sugden, mkulu wawo wa a Wilfred, bere limodzi. Awiriwa anasiya kuyankhulana a Wilfred akadali ndi tsitsi. Mphaka wa a Norman anadya nkhunda yampikisano ya a Wilfred, yomwe inali itangopambana chikho, ndipo a Norman m'malo mopepesa anati nkhunda yothamangadi singagwidwe ndi mphaka. Mphakayo anafa, akazi awo onse awiri anafa, koma mawu aja sanafe. Chimene chinatsala pakati pawo ndi chumuni. M'mawa uliwonse aliyense amayang'ana cha mnzake, akaona utsi n'kudziwa kuti winayo wadzuka, kenako n'kukamwa tiyi mtima uli m'malo. Tauni yonse imadziwa zimenezi, ndipo palibe amene amazitchula pamaso pawo.

"Pali munthu wina," anatero a Sugden, akuyankhula ndi windo.

"Munthu wanji?"

"Wina wake. Wa kutsidya."

"A Norman?"

"Dzina limenelo m'nyumba muno sitilitchula."

"Ndizitchula chiyani?"

"Uja."

"Chabwino. Uja akufuna utsi."

"Sakufuna. Amangouona."

"Akauona amatani?"

"Amadziwa."

"Amadziwa chiyani?"

"Kuti sindinafe, iwe! Kodi zonse mpaka ndikutafunire?"

Gaynor anaganiza kwa kanthawi. Anali kufunadi kuthandiza, ndipo pamenepo m'pamene amaopsa.

"Aimbireni foni."

"Sitiyankhulana."

"Alembereni meseji."

"Kumeneko n'kuyankhula ndi zala."

"Tumani Lorraine akawauze."

"Ha! Lorraine angomva kuti ndikuganiza za kufa, mawa lomwe andinyamula kukandisiya kunyumba ya okalamba, kuja amawotha moto wa pa TV."

"Pachikani nsalu yofiira pawindo m'mawa uliwonse."

"Ndiye aziti ndapachikira iye."

"Simunapachikire iwo?"

"N'chifukwa chake sindingapachike! Tamvetsa. Nsalu amapachika ndi munthu, ndipo munthu akapachika ndiye kuti wayamba kupepesa. Koma utsi umangotuluka wokha. Ine ndakoleza moto wanga, m'nyumba mwanga, kuti ndiwothe ine. Wina akauona kutsidyako, ndi maso ake. Ine sindinanene kanthu."

"Nanga nthawi yotentha?"

"Ndimakoleza kamoto kakang'ono."

"Mu Julayi?"

"Mu Julayi momwe."

"N'chifukwa chake a khonsolo sanavutike kukupezani."

"Alibe zochita amenewo."

"Ndiye ndione ngati ndamva," anatero Gaynor, akuwerenga ndi zala. "Mukufuna uja adziwe kuti muli moyo."

"Ee."

"Koma asadziwe kuti mukufuna adziwe."

"Eee!"

"Chitofu chotero sitigulitsa."

A Sugden anakhala pampando mwamphamvu, mpando n'kudandaula.

"Ndipo zilibenso ntchito," anatero. "Ndamuyesa, walephera. Pamene ndinaona kuti chumuni chili zii, ndinati tione. Makatani akumaso kwa nyumba sindinatsegule kuyambira Lolemba. Kusitolo sindinapite. Ndikudya nyemba zam'chitini ngati msilikali. Mabotolo a mkaka ndangowasiya pakhomo."

"Ndawaona."

"Wawaona?"

"Ndinawadumpha pozungulira kukalowera khomo lakuseri."

"Osadabwa?"

"Ndimayesa mwasiya mkaka."

"Munthu akasiya mkaka amauza wamkaka!"

"Ndinaganizanso choncho. Ndinati mwina mwasiyanso kuyankhula ndi wamkaka."

"Koma mwana uyu!" A Sugden anamenya bondo. "Nkhani ndi yakuti sanabwere. Munthu woyamwa naye bere limodzi. Masiku onsewa chumuni cha mng'ono wake chili zii, iye ali phee, akudya bisiketi. Ndikanakhala kuti ndafadi, bwenzi pano ndikununkha."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Mukanafa Lolemba, chitofu chikanazima Lolemba lomwelo. Ndi kuzizira kwa Novembala kuno mukanasungika bwino."

"Wanditonthoza."

"Zikomo."

Koma mawu a mdalayo anali atanjenjemera pang'ono pa "mng'ono wake" paja. Zinkawapweteka zenizeni. Zaka zonsezi ankakhulupirira kuti tsiku limene utsi udzasowe, a Norman adzawoloka mlatho akuthamanga, ngakhale kudzangowatukwana. Tsikulo linafika, linapita, ndipo pachitseko sipanagogode munthu.

A Sugden anadzukanso n'kubwerera pawindo.

"Tabwera udzaone. Uyo, wadzuka kale. Utsi wake uwo, uli tolotolo. Woyera, wonyada. Iye ndiye amaloledwa kufuka, eti?"

Gaynor anabwera, n'kuima pambali pawo.

"Uti?"

"Uwo! Chumuni cha mapaipi anayi chija, pafupi ndi mtengo."

"Ndachiona."

"Ndiye ukuuona utsiwo."

"Si utsi umenewo."

"Ndi chiyani, mkaka?"

"Nthunzi."

"Nthunzi?"

"Onani mmene ikuthera. Ikangokwera pang'ono ikusowa. Utsi umapita patali. Imeneyo ndi giza ya gasi, yotenthetsa madzi."

"Uja alibe giza. Amaopa gasi ngati mfiti."

"Si paipi yawo imeneyo. Chumuni chimenecho amagawana nyumba ziwiri. Ikutulutsa nthunziyo ndi ya nyumba yoyandikana nayo, ya a Firth."

"Wabodza iwe."

"Ndakwerapo padenga limenelo."

"Ndiye a Firth-wo amadzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse? Ngakhale Lamulungu?"

"A Firth ali ku Spain. Amathawa chisanu chaka chilichonse. Gizayo ili ndi wotchi, imadziyatsa yokha kuti madzi a m'mapaipi asaundane ndi kuzizira."

"M'nyumba mulibe munthu?"

"Mulibe."

A Sugden anachotsa magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. Nthunzi ija inapitiriza kukwera mosatekeseka.

"Ndinaona kuti wayera," anatero pang'onopang'ono. "Chaka chatha. Unali wakuda, kenako tsiku lina wayera. Ndinati wayamba kugula malasha odula kuti andionetsere."

"Si malasha."

"Ndipo ndinadabwa kuti wasiya kugonereza. Munthu uja chibadwire chake sanadzukepo pa nthawi yake. Ndinati ukalamba wamuwongola."

"Ndi wotchi."

"Ndiye ine m'mawa uliwonse ndakhala ndikuyankhula ndi giza?"

"Mumayankhula nayo?"

"Ndimati, 'Wadzukanso, galu iwe.'"

"Siingamve. Ili kutali."

Mdalayo anagwira m'mphepete mwa windo.

"Nanga yake ndi iti?"

"Ya pambali pake. Yokhala ndi kachipewa kachitsulo."

"Yosatuluka kanthu iyo?"

"Imeneyo."

"Kachipewa konyezimira? Ngati kamene waika padenga langa?"

"Ngati kanu, koma ka chaka chatha."

"Unaika ndiwe?"

"Za makasitomala ena sindinena."

"Za a Firth wanena!"

"A Firth si makasitomala anga."

"Ndiye uja ndi kasitomala wako."

"Sindinatero."

"Ali ndi chitofu ngati ichi."

"Sindinatero."

"Kuyambira chaka chatha."

"Ndanena za kachipewa basi."

Moto unali kuyaka mwaulemu kuseri kwa galasi. A Sugden anayang'ana paipi ya kachipewa ija kwa nthawi yaitali. Inali yopanda kanthu, ndipo mwachionekere inakhala yopanda kanthu dzulo, dzana, mwezi watha, nyengo yonse yachisanu yapita ija. Mantha anawagwira.

"Gaynor," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula dzina. "Ali moyo?"

"Za makasitomala ena..."

"Ndiye ndi kasitomala! Munthu wakufa sangakhale kasitomala. Ali moyo!"

"Ayi, ndili nawo makasitomala ambiri omwe anamwalira. Sindiwafufuta. Nyumba imatsala."

"Mayo ine! Chabwino, usanene za iye. Chitofu chake chili bwanji?"

"Chitofu chilichonse chimene ndaika ine chili bwino."

"Chimayaka?"

"Chikayatsidwa."

"Chimayatsidwa?"

"Sindikhala komweko."

"Unachiona liti komaliza?"

"Chiti?"

"Cha uja!"

"Sindinanene kuti ali nacho."

"Iwe, ndikuponya m'chitofu momwemu, tione ngati nawenso sufuka!"

"Sindingakwanemo. Chimalowa chikuni chotalika chonchi basi." Anaonetsa ndi manja.

A Sugden anayenda kuchoka pawindo kupita pachitseko, kuchoka pachitseko kubwerera pawindo. Kenako anaima chilili pakati pa chipinda, pakuti chinthu china chinali chitangowafika m'mutu, ndipo chinali choipa kuposa mantha aja.

"Chaka chathunthu," anatero. "Chumuni chake chinasiya kufuka chaka chathunthu chapitacho."

"Pafupifupi. Kachipewako."

"Ndiye nayenso anakhala pawindo. Anati, lero Wilfred aona kuti kulibe utsi, abwera."

"Sindikudziwa zimene anati."

"Ine ndikudziwa. Ndi m'bale wanga. Mwina nayenso anasiya mkaka pakhomo. Ine osapita."

"Munali kuyang'ana giza."

"Iye sakudziwa zimenezo! Iye akudziwa kuti mng'ono wake anaona chumuni chili zii, n'kukamwa tiyi."

"Mutha kuwafotokozera."

"Sitiyankhulana."

"Paja."

Mdalayo anatenga juzi ija, anaivala chotembenuza, osazindikira. Anatenga jekete pa msomali. Anayamba kufunafuna chipewa pansi pa nyuzipepala.

"Mukupita kuti?" anafunsa Gaynor.

"Kokayenda."

"Kukugwa mvula."

"Ndikukaona ngalande."

"Ngalande yatani?"

"Ndamva kuti yadzaza."

"Sinadzaze. Ndadutsapo."

"Ndikaona ndekha! Ndipo ndikafika pamlatho mwina ndiwoloka, chifukwa mlatho ndi wa boma, aliyense amawoloka. Ndikawoloka mwina ndidutsa mumsewu wina wake. Kudutsa chabe. Ndikaone ngati pakhomo lina lake pali mabotolo."

"A chaka chatha?"

"Chipewa changa chili kuti?"

"Kumutu kwanu."

Anachigwira, anachipeza, ananyamuka kulunjika kanjira kopita kuchitseko chakumaso.

"Mukatuluka muyende bwino," anatero Gaynor. "Pageti pali munthu. Geti lanu ndi lopapatiza, mugundana."

A Sugden anaima.

"Munthu wanji?"

"Wamwamuna."

"Akufuna chiyani?"

"Anati ndisanene kuti wafunsa."

"Wafunsa chiyani?"

"Chimenecho ndiye sindinena."

"Wakhala uli muno nthawi yonseyi, ukubaya nkhuni zanga, osanena kuti pageti panga pali munthu?"

"Munandiitanira chitofu."

Mdalayo anapuma mozama. Moyo wake wonse anagwira ntchito pa makina oluka nsalu, ndipo anaphunzira kuti makina sukangana nawo, umangofufuza pokankha.

"Chabwino," anatero mofatsa. "Anakuletsa kunena zimene wafunsa."

"Ee."

"Anakuletsanso kunena zimene unamuyankha?"

Gaynor anaganiza.

"Ayi. Zimenezo sanandiletse."

"Unamuyankha kuti chiyani?"

"Ndinati ine ndimayang'ana zitofu. Zoti munthu akupuma kapena ayi ndi za adokotala."

"Iye n'kutani?"

"Anati ndi zitofu zanga zimenezi munthu sungadziwe, wamoyo ndi wakufa chumuni n'chimodzimodzi. Ndinathokoza."

"Unathokoza."

"Ndiye kuti zikugwira bwino ntchito."

"Kenako?"

"Anati adikira aone ngati nditatuluke chothamanga kapena choyenda."

"Ndani munthuyo?"

"Sindingatchule."

"Chifukwa?"

"Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba sindinganene. Chachiwiri, munati dzinalo m'nyumba muno satchula."

A Sugden anagwira khoma.

"Wafika nthawi yanji?"

"Sindikudziwa. Koma pamene waimapo ndi pouma, kwina konse kwanyowa. Ndipo wamakalata podutsa anamufunsa kuti, 'Mwabweranso lero?'"

"Wavala chiyani?"

"Jekete. Tayi yakuda."

"Tayi yakuda! Wandiika kale m'manda, galu ameneyu!"

"Mwina alibe ina."

"Ali nayo yamadontho, anavala paukwati wanga."

Anayenda chonyang'ama kupita kuchipinda chakumaso, komwe kunali mdima chifukwa cha makatani aja. Ndi chala chimodzi anakankha katani pang'ono, n'kuika diso.

Pageti panali mdala wamng'ono, wamng'ono kuposa momwe a Wilfred ankamukumbukira. Mapewa anali atagwa, ndodo ili m'dzanja. Chipewa anali atachivula n'kuchigwirira pachifuwa, mvula ikumuyenderera padazi. Sankayang'ana chitseko, sankayang'ana windo. Maso ake anali padenga, pachumuni, ndipo milomo inali kugwedera. Dzanja lina linali pa geti, koma geti linali lotseka; ankaligwira, n'kulisiya, n'kuligwiranso. A Wilfred anamva chifundo chomwe sanachiitane, ndipo anachita manyazi kwambiri.

Anasiya katani. Anabwerera m'kanjira muja akupukuta mphuno ndi mkono wa jekete.

"Wakalamba," anatero.

"Ndi wamkulu kwa inu."

"Wavula chipewa pamvula. Adwala chibayo, chitsiru chimenechi."

"Mwina."

"Sagogoda bwanji?"

"Mwina akuopa kuti simuyankha."

"Kapena akuopa kuti ndiyankha."

"Zonse n'zotheka."

Anaima pamenepo, chitseko chili patsogolo pawo, tcheni chake chili chokoleka. Anakweza dzanja, analitsitsa. Gaynor anawayang'ana, anayang'ana chitseko, ndipo pakuti ndi munthu wosakonda kusiya kasitomala asanathandizidwe, nkhope yake inawala mwadzidzidzi.

"Bambo Sugden, ndakumbukira. Njira ilipo."

"Njira yanji?"

"Ya utsi. Yosaphwanya chitofu. Chitofuchi chikakhala chozizira, poyatsa pamatuluka kautsi pang'ono chisanatenthe. Ndikachotsa zikuni zikuyakazi n'kuyatsanso ndi tinkhuni tating'ono, padenga patuluka kautsi. Kochepa, koma munthu woima pageti akaona."

"Akakaona?"

"Adziwa kuti muli moyo. Inu simunanene kanthu, iwo sanafunse kanthu. Avala chipewa n'kubwerera kwawo. Ndi zimene mumafuna."

"Abwerera kwawo."

"Ee. Sizitenga nthawi." Anatembenuka n'kuyamba kupinda mikono ya malaya, akulunjika kuchipinda chakuseri.

"Iwe!"

Gaynor anaima.

A Sugden anali atachotsa kale tcheni, dzanja lili pachogwirira, chibwano chili m'mwamba ngati wapolisi.

"Ukangofukitsa chumuni changa, achimwene n'kubwerera, ndikakunenera ndekha kukhonsolo. Sukudziwa kuti dera lino utsi ndi woletsedwa?"